Green Bay Idagulitsa Mbeu ya Zaka Ziŵiri

Mlimi wanzeru, ngakhale njala itavuta chotani, pali chinthu chimodzi chimene sachikhudza, ndicho chimanga cha mbeu. Angathe kugulitsa mbuzi, angathe kupita kukagwira ganyu kwa anzake, koma ngala zimene adazipachika patsindwi kuti zidzabzalidwe mvula ikagwa amaziyesa ngati m'nyumbamo mulibe. Pa 28 Ogasiti 2025 akuluakulu a timu ya Green Bay Packers, ya m'chigawo cha Wisconsin ku America, adatsitsa ngala zotere nagulitsa mbeu ya zaka ziŵiri kuti apeze munthu mmodzi, dzina lake Micah Parsons. Nyengo ya maseŵera ya 2026, imene ikuyamba mu Sepitembala, ndiyo yoyamba imene timuyi ikuloŵa m'munda mbeu ija itapita kwa ena. Chifukwa chake aliyense wofuna kuŵeruza za mwayi wa Green Bay m'nyengo imeneyi ayenera kuyambira pamalondawo.

Koma poyamba nkofunika kulongosola maseŵerawo, pakuti dzina lawo limasokeretsa. Eni ake amati ndi mpira wa miyendo, chonsecho mwendo umagwira ntchito pang'ono chabe. Mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku ngati chipatso cha mlambe, ndipo umanyamulidwa kapena kuponyedwa ndi manja. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Amene ali ndi mpira amapatsidwa mipata 4 yoti asendere kutsogolo mayadi 10. Akakwanitsa amapatsidwanso mipata ina 4, akalephera mpira umapita kwa anzawo. Wofika ndi mpira kumapeto kwa bwalo amapezera timu yake mapointi 6, ndipo woumenya ndi mwendo nkudutsa pakati pa mizati amapeza 3. Mwa anthu 11 oukirawo mmodzi ndiye mutu. Amamutcha quarterback, ndipo ndiye amalandira mpira poyamba, kupenya mmene adani aimira, ndi kusankha m'kamphindi kochepa woti amponyere. Ntchito ya Parsons ndi kusaka munthu ameneyu ndi kumgwetsa pansi asanaponye, ndipo pa ntchito imeneyi alipo ochepa m'dziko lonse la America amene angafanane naye.

Bungwe loyendetsa maseŵeraŵa, la National Football League, lili ndi matimu 32. Timu iliyonse imaseŵera maulendo 17 kuyambira Sepitembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Matimu 14 amene achita bwino amaloŵa m'ndime yachipulula, mmene wogonja amanyamula katundu wake tsiku lomwelo, ndipo aŵiri otsala amakumana mu Febuluwale pa maseŵera otsiriza otchedwa Super Bowl. Bungweli lili ndi malamulo aŵiri amene oŵerenga ozoloŵera mpira wa ku Ulaya angadabwe nawo. Loyamba nlakuti anyamata ochokera m'makoleji sagulidwa pamsika ayi, koma chaka chilichonse mu Epulo matimu amawasankha mosinthana, ndipo timu imene idalephera kwambiri chaka chathacho ndiyo imayamba kusankha. Lachiŵiri nlakuti pali malire a ndalama zimene timu ingalipire oseŵera ake onse pamodzi; mu 2025 malirewo adali madola 279 miliyoni ndi zapamwamba pang'ono. Mnyamata wosankhidwa kumene amalandira malipiro otsika kwa zaka 4, pamene katswiri wodziŵika amadya gawo lalikulu la thumbalo. Motero mwayi wosankha m'ndime yoyamba ya chisankho cha mu Epulo ndiwo mbeu yeniyeni: umabweretsa luso lalikulu pamtengo wochepa. Green Bay idapereka kwa Dallas Cowboys mwayi wotere wa 2026 ndi wa 2027, niwonjezapo Kenny Clark, wotchinga amene adaitumikira zaka 9. Itatero idalonjeza Parsons madola 188 miliyoni pa zaka 4.

Timu ina ikadachita zimenezi sipakadakhala chodabwitsa. Koma Green Bay si timu ngati zina. Mzinda wake uli ndi anthu ongopitirira 100,000 pang'ono, ndipo ndiwo waung'ono koposa mizinda yonse yokhala ndi timu m'bungweli, pamene bwalo lake la Lambeau Field, lotsegulidwa mu 1957, limatenga anthu oposa 80,000. Timuyi idayambitsidwa mu 1919 ndi Curly Lambeau ndi George Calhoun, ndipo dzina lakuti Packers lidachokera ku kampani yolongedza nyama imene Lambeau ankagwirako ntchito, yomwe idapereka ndalama zogulira malaya. Kuyambira 1923 ilibe mwini mmodzi. Eni ake ndi anthu wamba oposa 500,000 amene adagula magawo m'zaka zosiyanasiyana pamene timu inkafuna thandizo. Pa malonda otsiriza, mu 2021, gawo limodzi lidali madola 300. Magawoŵa sabala phindu, ndipo sangagulitsidwe pamsika. Wogula amangolandira chikalata choti apachike pakhoma ndi ufulu wokakhala pamsonkhano wa pachaka. Palibe mpondamatiki wolamula kuti mphunzitsi achotsedwe chifukwa iyeyo wadzuka ndi mkwiyo, ndipo nchifukwa chake timuyi yakhala ikudziŵika ndi kudekha.

Kudekhako kumaoneka bwino pa mmene Green Bay imalerera oponya mpira ake, ndipo pano aphunzitsi a sukulu angapeze chowasangalatsa. Matimu ambiri akasankha mnyamata waluso pa udindo umenewu amamponya m'bwalo chaka chomwecho, ngati mwana wongoyamba kumene sukulu amene wauzidwa kulemba mayeso otsiriza. Ambiri amasweka mtima ndi thupi lomwe. Green Bay idasankha Aaron Rodgers mu 2005 pamene Brett Favre adali akuseŵerabe, ndipo Rodgers adakhala pambali zaka 3 akuonerera ndi kuphunzira asanapatsidwe mpira mu 2008. Mu 2020 idachitanso chimodzimodzi: idasankha Jordan Love wa ku Utah State, Rodgers ali pachimake pa luso lake, ndipo Love naye adadikira zaka 3 mpaka Rodgers atapita ku New York Jets mu 2023. Anthu ambiri adanyoza chisankho cha 2020, nati kudali kutaya mbeu pathanthwe. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Kuchokera mu 1992 kufikira lero udindo waukuluwu wadalira anthu atatu okha, pamene matimu ena asinthasintha oponya mpira m'makumimakumi osapeza ndi mmodzi yemwe wokhazikika.

Tsono chilungamo chake nchakuti kudekha kumeneku sikudabale zipatso zochuluka monga mmene anthu amaganizira. Favre adasankhidwa katatu kukhala woseŵera woposa onse m'bungweli, Rodgers kanayi, koma aliyense wa iwo adangotenga chikho kamodzi: Favre mu Januwale 1997, Rodgers mu Febuluwale 2011. Zikho ziŵiri pa zaka zoposa 30 si zambiri kwa mzinda umene umadzitcha kwawo kwa zikho, umene uli ndi maukatswiri 13, ndiponso umene mphunzitsi wake wakale, Vince Lombardi, ndiye mwini dzina lolembedwa pa chikho cha Super Bowl. Lombardi adatenga ukatswiri kasanu pakati pa 1961 ndi 1967, ndipo nkhalamba za mumzindamo zimasimbabe za tsiku lotsiriza la 1967, pamene Green Bay idagonjetsa Dallas 21 kwa 17 kukuzizira madigiri 25 pansi pa ziro. Ana amene adabadwa chikho chotsiriza chitangobwera tsopano ali kusekondale. Nkosadabwitsa kuti Brian Gutekunst, amene wakhala akusankha oseŵera kuyambira 2018, adaona kuti kudikira kwakwana.

Mbiri ya timuyi imamuikira kumbuyo mbali ina, mbali ina imamtsutsa. Zikho ziŵiri zija zidabwera Green Bay itatenga wotchinga wamkulu kuchokera kwina: Reggie White mu 1993, Charles Woodson mu 2006. Komabe aŵiriŵa adali omasuka, mapangano awo akale atatha, kotero kuti sipadafunike kusinthanitsa ndi timu ina mbeu ya zaka zakutsogolo monga zidachitikira ndi Parsons. Malonda ofanana kwambiri ndi a 2025 pa kukula kwa mtengo ndi a 1974, pamene timuyi idapereka kwa Los Angeles Rams mipata 5 ya chisankho, iŵiri mwa iyo ya m'ndime yoyamba, kuti ipeze John Hadl, woponya mpira wa zaka 34. Hadl adalephera, ndipo Green Bay idakhala m'chilala kufikira masiku a Favre. Kunena zoona, kuyerekeza Parsons ndi Hadl nkumlakwira Parsons, pakuti iye adabwera ali ndi zaka 26, mphamvu zake zonse zili m'thupi. Ndiponso Favre mwiniyo adagulidwa kuchokera ku Atlanta mu 1992 ndi mwayi wosankha wa m'ndime yoyamba, ndipo palibe wodandaula nazo. Sikuti kugulitsa mbeu nthaŵi zonse nkupusa. Chimene 1974 imakumbutsa nchakuti malonda otere akalephereka, wovutika si wogulitsayo yekha, koma ndi amene akudza pambuyo pake.

Kwa miyezi itatu ndi theka malondawo adaoneka abwino. Parsons adagwetsa oponya mpira maulendo oposa 12, ndipo pofika pakati pa Disembala 2025 Green Bay idali itapambana maseŵera 9, kugonja 3, ndi kulepherana kamodzi ndi Dallas yomweyo pa mapointi 40 kwa 40. Kenaka ku Denver bondo la Parsons lidagonja, mtsempha wa m'kati utaduka. Mwezi wa Novembala mtsempha wotere udali utadukanso m'bondo la Tucker Kraft, mmodzi wa olandira mpira odalirika a Love. Kuchokera tsiku la ku Denver timuyi sidapambanenso ndi kamodzi komwe. Idagonja maseŵera 4 otsiriza, niloŵa m'ndime yachipulula mochita kukwaŵa, ndipo mu Januwale 2026 idapita ku Chicago, kwa adani ake akalekale amene idayamba kulimbana nawo mu 1921. Pofika nthaŵi yopuma Green Bay inkatsogola 21 kwa 3. Pomaliza idagonja 31 kwa 27, Chicago itapeza mapointi 25 m'chigawo chachinayi chokha.

Nkosavuta kunena kuti Parsons akadakhalapo zimenezi sizikadachitika, ndipo mwina nzoona. Koma wonena zimenezi akuiŵala kuti matenda a mwezi wa Januwale adayamba kale Parsons asanaganiziridwe nkomwe. Mu Januwale 2015 ku Seattle, Green Bay inkatsogola 19 kwa 7 kutatsala mphindi zochepa, nigonja 28 kwa 22. Mu 2021 idagonjera Tampa Bay pakhomo pake, 31 kwa 26, itangotsala khomo limodzi kuti ifike ku Super Bowl. Mu 2022 idagonjeranso San Francisco pakhomo, 13 kwa 10, ngakhale kuti alendowo sadafike kumapeto kwa bwalo ndi oukira awo ngakhale kamodzi; adapezera mwayi pa mpira womenyedwa ndi mwendo umene adautchinga. Mu 2024, gulu la anyamata a Love litanyazitsa Dallas 48 kwa 32, lidaloŵa m'chigawo chachinayi ku San Francisco likutsogola 21 kwa 14, niligonja 24 kwa 21. Oseŵera adasintha, oponya mpira adasintha, koma kachitidwe kake nkamodzimodzi: fodya ali kale pachala, mphepo nkumuuluza asanafike pamphuno. Vuto lobwerezabwereza motere silingakhale la bondo la munthu mmodzi. Ndi la kaphunzitsidwe, la kuŵerenga nthaŵi, la tinthu ting'onoting'ono monga kumenya mpira pakati pa mizati, timene ku Chicago tidataya mapointi ochuluka kuposa 4 amene adasiyanitsa matimu aŵiriwo.

Apa ndi pamene dzina la Matt LaFleur likuloŵera. Adalandira udindo wa mphunzitsi wamkulu mu 2019, ndipo m'zaka zake 3 zoyamba adapambana maseŵera 13 chaka chilichonse, chinthu chimene aphunzitsi ambiri sachiona moyo wawo wonse. Mu 2023 ndi 2024 adafikitsa m'ndime yachipulula timu ya ana aang'ono koposa onse m'bungweli. Palibe angakane kuti ndi mmisiri pokonza njira zoukira, ndipo Love adakula m'manja mwake. Atagonja ku Chicago ambiri adafuula kuti achotsedwe, koma Ed Policy, amene adatenga utsogoleri wa timu kuchokera kwa Mark Murphy mu Julayi 2025, adasankha kumsunga pamodzi ndi Gutekunst. Chigamulochi nchoyenera. Kuchotsa mphunzitsi wopambana kaŵirikaŵiri chotere, pa nthaŵi imene timu ilibe mbeu yoyambiranso munda watsopano, kukadakhala kugwetsa nyumba mvula ili pamutu. Koma kumsunga kwachotsa chodzikhululukira chilichonse. Wapatsidwa woponya mpira wa madola 220 miliyoni pa zaka 4, monga mwa pangano la Love la mu Julayi 2024, wapatsidwa wosaka oponya mpira wa mtengo wapatali, wapatsidwa nthaŵi. Chimene sadzapatsidwa kufikira 2028, pokhapokha patachitika malonda ena, ndi mnyamata watsopano wa m'ndime yoyamba woti adzatseke mpata umene waoneka.

Walira mvula walira matope. Malipiro a anthu aŵiri okha, Love ndi Parsons, amaposa madola 100 miliyoni pachaka poŵerengera mwachisawawa, ndipo ngakhale akalaliki a timu amadziŵa kumwaza ngongole yotere pa zaka zingapo, siithaŵika. Nawonso anyamata amene adali otsika mtengo mu 2023 tsopano akula, zaka zawo 4 zikutha, ndipo onse sangasungidwe. Pamwamba pa izi, Jeff Hafley, amene ankaphunzitsa otchinga, adachoka mu Januwale 2026 kukakhala mphunzitsi wamkulu wa Miami Dolphins, kotero kuti otchingawo ayenera kuzoloŵera mau a munthu wina pa nthaŵi yomwe mtsogoleri wawo akuchira. Chotsalira nchimodzi, ndicho ntchito yakale ya Green Bay, yosula amene ali kale m'manja. Matthew Golden, wolandira mpira amene adasankhidwa m'ndime yoyamba mu Epulo 2025, chisankhocho chikuchitikira mumzinda wa Green Bay momwemo khamu likufuula, ndiye chitsanzo. Adali woyamba wa udindo wake kusankhidwa ndi timuyi pa ndime yotere kuyambira 2002, ndipo chaka chake choyamba sichidafike pamene anthu ankayembekezera. Chaka chachiŵiri cha mnyamata wotere ndicho chimaonetsa ngati aphunzitsi ake ali ndi manja.

Za bondo la Parsons pali chenjezo limodzi loyenera kunenedwa mosabisa. Mtsempha umenewu ukalumikizidwa, kaŵirikaŵiri pamafunika miyezi 9 kapena kuposerapo kuti munthu abwerere m'bwalo, ndipo kubwerera m'bwalo si kubwerera pa mphamvu zakale. Kuŵerenga miyezi 9 kuchokera mu Disembala kumafikitsa munthu mu Sepitembala, mwezi womwewo woyambira nyengo. Chiyeso chidzakhala chachikulu, kwa timu ndi kwa mwiniyo, chakuti athamangire kuonetsa kuti ndalama zija sizidapite pachabe. Kugonjera chiyeso chimenechi kungakhale kulakwa kwakukulu kuposa malondawo. Parsons sadagulidwe kuti adzapambanitse timu mu Sepitembala; Green Bay imadziŵa kale kupambana mu Sepitembala. Timu imene idadikira Rodgers zaka 3 ndi Love zaka 3 siyenera kulephera kudikira bondo milungu ingapo.

Nanga mwayi wake ngwotani? Green Bay ili ndi zoyiyenereza kuloŵanso m'ndime yachipulula, monga idachitira m'nyengo za 2023, 2024 ndi 2025. Love ali m'zaka zimene oponya mpira amafika pachimake, ndipo ku Chicago kuja si iye adalephera, pakuti adaponya mipira 4 imene idakafika kumapeto kwa bwalo. Koma kuiika pakati pa matimu oyembekezeka kutenga chikho kungakhale kuŵerengera nkhokwe chimanga chikadali m'munda. Chigawo chimene ilimo nchovuta. Mu 2024 kupambana maulendo 11 kudangoipatsa malo achitatu, Detroit itapambana 15 ndi Minnesota 14. Mu 2025 Chicago, imene kwa zaka zambiri inkagonja kwa Green Bay ngati mwambo, idatenga malo oyamba pansi pa mphunzitsi watsopano Ben Johnson ndi woponya mpira wachinyamata Caleb Williams. Wotsogola m'chigawo amalandirira alendo pakhomo pake mu Januwale. Wotsalira amayenda ulendo, monga Green Bay idachitira zaka 3 zotsatana, nigonja ku San Francisco, ku Philadelphia ndi ku Chicago.

Malamulo a bungweli amakumanitsa matimu a m'chigawo chimodzi kaŵiri chaka chilichonse, kamodzi kwa uyu, kamodzi kwa uyo. Choncho Green Bay idzapitanso ku Chicago mu 2026, ndipo Chicago idzabwera ku Lambeau Field. Wofuna kudziŵa ngati LaFleur ndi anzake adaphunzirapo kanthu pa za mu Januwale asavutike ndi mapointi a pa nthaŵi yopuma. Adikire chigawo chachinayi cha maseŵera aŵiriwo.